Mafunso Anu: Boma likasintha, kodi abwenzi a Malawi amasinthanso?

Chichitikireni chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, makalata ambiri amene mwatilembera akufunsa za zipani, mavoti ndi ubale wa dziko lathu ndi mayiko ena. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

Ndimaphunzitsa mbiri kusekondale. Ana andifunsa kuti MCP ndi DPP zimasiyana pati pa nkhani ya mayiko akunja. Ndawerenga mamanifesito awo koma mawu ake akungofanana. Ndiwayankhe bwanji? (Mphunzitsi, Kasungu)

Aphunzitsi, mwaona bwino, mawuwo amafananadi. Chipani chilichonse chimalonjeza kukhala bwino ndi mayiko oyandikana nafe, kukhalabe mu SADC, COMESA ndi African Union, komanso kusandutsa maofesi a akazembe kukhala malo okopera malonda. Kuti ana aone kusiyana, musawapatse manifesito. Apatseni zimene mtsogoleri aliyense anachita atakhala pampando.

Yambirani kwa a Kamuzu Banda. Mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964 sunali wa tiki yokha, ndalama imene boma linkafuna kuti odwala azilipira kuchipatala. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Henry Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi anzawo sanakondwe kuona dziko longolandira kumene ufulu likugwirana chanza ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndiponso ankafuna kuti Malawi apalane ubwenzi ndi boma la ku Beijing. A Kamuzu anakana. Mu 1966 anasankha Taiwan, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho la South Africa, chinthu chimene palibe dziko lina lolamulidwa ndi anthu akuda linachita. A John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anabwera kuno mu 1970, a Kamuzu n'kupita kumeneko mu 1971. Chifukwa chimene ankapereka n'chakuti dziko lopanda gombe silingadane ndi eni madoko. Ndalama za South Africa zinathandiza kumanga likulu latsopano la Lilongwe ndi njanji yolumikiza dziko lino ku doko la Nacala. Koma mtengo wake unali kusalidwa ndi mayiko ambiri a mu Africa kwa zaka zochuluka.

UDF ya a Bakili Muluzi inasunga Taiwan, amene anamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, koma inatsegulanso khomo la Libya ndi mayiko a Aluya. Amene anatembenuza zinthu ndi a Bingu wa Mutharika. Kumapeto kwa Disembala 2007 boma la DPP linasainirana ndi Beijing, ndipo nkhaniyi inalengezedwa pa 14 Januwale 2008. Apa mapanga awiri avumbwitsa: China salola kukhala paubale wa ukazembe ndi dziko limene likuzindikiranso Taiwan, choncho ubwenzi wa zaka 41 unathera pomwepo. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa, sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la Bingu National Stadium zinadza chifukwa cha kusinthaku.

Tsono funsani anawo kuti: MCP itabwerera m'boma mu 2020, inabwereranso ku Taiwan, bwenzi la amene anali mtsogoleri wake kwa zaka zoposa makumi atatu? Ayi ndithu. A Lazarus Chakwera anapita ku Beijing mu Seputembala 2024 ku msonkhano wa China ndi mayiko a mu Africa. Chimodzimodzinso nkhani ya Western Sahara, dera limene Morocco akulimbirana ndi anthu a kumeneko otchedwa Asahrawi. Boma la DPP linasiya kuzindikira boma la Asahrawi mu 2017, ndipo boma lotsogozedwa ndi MCP linapitiriza njira yomweyo potsegula ofesi ku Laayoune, mzinda wa m'deralo, mu 2021 mokomera Morocco, ngakhale SADC ili kumbali ya Asahrawi.

Pamene MCP yaonetsa mtima wakewake ndi pa Israel. Malawi ndi limodzi mwa mayiko ochepa a mu Africa amene sanathetse ubale ndi Israel mu 1973. Mu 2020 a Chakwera analengeza kuti adzatsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, ngakhale kuti itadzatsegulidwa mu Epulo 2024 inali ku Tel Aviv. Mu Novembala 2023 achinyamata anayamba kutumizidwa kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Ndipo mu Seputembala 2024, pamene bungwe la United Nations linkavota kuti Israel achoke m'madera a Apalestina, Malawi anali dziko lokhalo la mu Africa pa mayiko 14 amene anakana.

Kodi phungu wanga ali ndi mawu pa mapangano amene boma limasaina kunja, kapena zonse zimathera ku State House? (Wowerenga, Nsanje)

Zambiri zimayambira ndi kuthera kwa Pulezidenti, koma si zonse. Gawo 89 la malamulo aakulu a dziko lino limamupatsa iye mphamvu yokambirana ndi kusaina mapangano ndi mayiko ena, yosankha akazembe ndiponso yolandira akazembe obwera. Ndiye chifukwa chake kusiya Taiwan kapena kutsegula ofesi ku Tel Aviv sikunadikire voti ya aphungu.

Phungu wanu amalowererapo pamalo anayi. Poyamba, gawo 211 likuti pangano latsopano limasanduka lamulo la m'dziko muno pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lolivomereza. Kachiwiri, munthu wosankhidwa kukhala kazembe amayenera kukaonekera ku komiti ya aphungu yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo, ndipo komitiyo ingathe kumukana. Kachitatu pali bajeti, mmene muli ndalama zoyendetsera maofesi a akazembe ndi zolipirira umembala wathu m'mabungwe. Chachinayi ndiye chachikulu: ngongole zakunja zimadzera m'Nyumbayi ngati mabilu ololeza boma kukongola.

Pa mabilu a ngongolewa m'pamene zinthu zimalakwika kawirikawiri. Bilu imabwera mwachangu, dzina la msewu kapena ntchito ya madzi lili pamwamba, ndiye phungu amaopa kuoneka ngati wodana ndi chitukuko. Zofunika kufunsa zimakhala pansi: chiwongoladzanja n'chochuluka bwanji, tidzayamba kubweza pakapita zaka zingati, tidzabweza m'madola kapena m'makwacha, nanga kontrakitala adzasankhidwa pampikisano kapena abwera pamodzi ndi ngongoleyo? Ngongole ya madola imalemera tsiku lililonse limene kwacha yagwa, ngakhale osawonjezapo khobidi.

Dziwaninso kuti chipani cholamula sichikhala ndi aphungu okwanira nthawi zambiri. Mu 2019, pa mipando 193, DPP inapeza 62, MCP 55 ndipo oima paokha analinso 55. Oima paokhawa amakonda kutsamira ku boma, n'chifukwa chake mabilu otere sagwa wamba.

Kumudzi palibe amene amavota chifukwa cha China kapena Britain. Ndiye ubale ndi mayiko akunja umakhudza bwanji zotsatira za chisankho? (Mayi wa bizinesi, Mzuzu)

Mayi, n'zoona kuti pamsonkhano wa kampeni simudzamva anthu akuimba za kazembe. Koma inu amene mumagula katundu kunja mukuidziwa njira imene nkhanizi zimadzera kuti zifike m'thumba la wovota. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa. Mafuta a galimoto, fetereza ndi mankhwala zonse zimafuna madola, ndipo madolawo amachokera ku fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, kuphatikizapo thandizo ndi ngongole. Thandizo likaima, mabanki amasowa madola, mizere imayamba pamalo omwetsera mafuta, mtengo wa thiransipoti umakwera, kenako chimanga ndi sopo. Wovota amalanga boma chifukwa cha mtengo wa thumba la fetereza, osadziwa kuti unayambira pa tebulo la zokambirana.

Chitsanzo choyamba ndi 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika inatuluka mu Malichi, ndipo mu Meyi mayiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse losakhudza njala ndi othawa kwawo. Nkhondo yamawu ya pakati pa America ndi Soviet Union inali itatha, choncho kudana ndi chikomyunizimu sikunalinso chishango cha a Kamuzu. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Muluzi anapeza 47 peresenti, a Kamuzu 33, a Chakufwa Chihana a AFORD 19.

Chachiwiri ndi a Bingu. Mu 2006 dziko linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja, fetereza wa makuponi anali atayamba mu 2005, ndipo mu 2009 iwo anapambana ndi 66 peresenti, mavoti amene palibe wina wafikapo chiyambire zipani zambiri. Patangopita zaka ziwiri zinthu zinatembenuka. Mu Epulo 2011 anathamangitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, kalata yawo yachinsinsi yodzudzula ulamuliro itaululika. Britain anaimitsa thandizo la ku bajeti. A Bingu anakananso kuchepetsa mphamvu ya kwacha monga ankafunira a IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko. Pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu pafupifupi 20 anaphedwa, America n'kuimitsa madola 350 miliyoni a ntchito za magetsi. Mu Okutobala analandira a Omar al-Bashir a ku Sudan, amene ankafunidwa ndi ICC, khoti lozenga milandu ikuluikulu padziko lonse.

A Bingu atamwalira mu Epulo 2012, a Joyce Banda anatembenuza zonsezi m'miyezi iwiri yokha, popanda chisankho chilichonse, aphungu ali omwewo. Mu Meyi dola inachoka pa K168 kufika pa K250, ubale ndi Britain unabwerera, ndipo atakana kulandira a Bashir, msonkhano wa African Union umene ukanachitikira ku Lilongwe mu Julayi unasamukira ku Addis Ababa. Palibe umboni wina woposa uwu wosonyeza kuti kwathu kuno chiwongolero chimakhala m'manja mwa munthu amene ali pampando, osati chipani. Mafuta anabwerera, koma katundu anakwera mtengo, kenako kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate kutaululika mu Seputembala 2013, otithandiza anaimitsanso thandizo la ku bajeti. Mu 2014 mayiwa anathera pachitatu ndi 20.2 peresenti, kumbuyo kwa a Peter Mutharika (36.4) ndi a Chakwera (27.8).

Za 2025 zikufanana. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kufika pafupifupi K1,700, pofuna kupeza pulogalamu ya IMF ya madola 175 miliyoni. Pulogalamuyo inafa mu Meyi 2025 itangotulutsa madola 35 miliyoni. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho America inadula thandizo lodzera ku USAID. Pa tsiku lovota a Mutharika anapeza 56.8 peresenti, a Chakwera 33.

Tisanamizane kuti zonse n'zakunja. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, chilala cha 2024, imfa ya a Saulos Chilima pa ngozi ya ndege pa 10 Juni 2024 ndi kutuluka kwa UTM mu mgwirizano wa Tonse, zonsezi zinali ndi gawo. Ndipo kuvota motsata chigawo sikunathe. Zimene kusowa kwa ndalama zakunja kumachita ndi kusuntha mavoti a m'mizinda, a Kumpoto ndi a m'maboma amene sali m'manja mwa chipani chimodzi, amene ndiwo amagamula wopambana.

Mu 2019 oyang'anira chisankho ochokera kunja sanadzudzule kwenikweni, koma khoti linachifafaniza. Nanga amabwereranji? Ndipo 50+1 yasintha chiyani? (Wophunzira, Zomba)

Amabwera chifukwa ayitanidwa, ndipo mphamvu yawo imathera pa kuona ndi kulemba lipoti. Sawerenga mavoti, salengeza wopambana, sangalamule kuti chisankho chibwerezedwe. Vuto lawo lalikulu ndi nthawi: mawu awo oyamba amatuluka patangopita masiku awiri kapena atatu anthu atavota, ndipo amafotokoza zimene anaona pamizere, ngati kunali bata ndi ngati malo anatsegulidwa nthawi yabwino. Zolakwika za 2019 zinali patsogolo pa apo, pa mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi, mapepala obwereza ndi ena opanda siginecha. Amene anagwira ntchito yeniyeni ndi mamonita a zipani amene anasunga makope a mapepalawo. Chipani chimene chikufuna kuteteza mavoti ake chiyenera kukhala ndi monita wophunzitsidwa pa malo alionse ovotera, amene achoke ndi pepala losainidwa, ndipo likafike kulikulu la chipani usiku womwewo. MEC, bungwe loyendetsa zisankho, ili ndi masiku asanu ndi atatu olengezera zotsatira za Pulezidenti, ndipo mu 2019 odandaula anali ndi masiku asanu ndi awiri okha oti akafike kukhoti. Umboni wosasonkhanitsidwa pa tsiku lovota supezekanso.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho chimene a Mutharika anapeza 38.6 peresenti, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. Anamasuliranso gawo 80 kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse. Khoti la Supreme linagwirizana nazo pa 8 Meyi. Chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 chinachitika nthawi ya Covid-19 popanda magulu akuluakulu akunja, ndipo a Chakwera anapambana ndi pafupifupi 59 peresenti.

Kale munthu ankatha kulamulira ndi chigawo chake ndi maboma ochepa owonjezera: a Bingu mu 2004 ndi a Peter Mutharika mu 2014 onse analowa ndi mavoti a m'ma 36 peresenti. Tsopano popanda woposa theka, awiri apamwamba amapikisananso. Izi zimakakamiza migwirizano, monga Tonse mu 2020 kapena DPP ndi AFORD mu 2025. Koma zindikirani kuti zokambirana za migwirizanoyi zimakhala za mipando ndi maunduna. Sitinaonepo mgwirizano ukupasuka chifukwa chosiyana maganizo pa China kapena Israel.

Chipani chiti chingateteze nyanja yathu kwa Tanzania? (Msodzi, Nkhata Bay)

Bambo, pa nyanja zipani zonse zimalankhula chimodzi. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania, komanso pa chigamulo cha 1964 cha OAU, bungwe la mayiko a mu Africa limene linalipo African Union isanabwere, choti malire a nthawi ya atsamunda asasinthidwe. Tanzania amati malire adutse pakati pa madzi. A Kamuzu, a Joyce Banda, a Peter Mutharika, palibe amene anagonjapo.

Mkangano unabuka mwamphamvu mu 2012 boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo chaka cham'mbuyo. Atsogoleri opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi koma zokambirana zinaima mu 2014. Chimene chimamanga manja boma lililonse ndi doko la Dar es Salaam, kumene kumadzera mafuta ambiri obwera kuno. Taonani mu 2025: Malawi ataletsa zokolola zina zakunja mu Malichi, Tanzania anabwezera mu Epulo potseka malire ku zokolola zathu, ndipo sipanapite nthawi mayiko awiriwa anakhala pansi n'kuchotsa ziletsozo. Kwa inu asodzi, samalani ndi mbali ya Mozambique, chifukwa kumeneko malire amadutsadi pakati pa madzi malinga ndi pangano la 1954, ngakhale Likoma ndi Chizumulu zili za Malawi.

Timamva kuti mayiko ndi makampani akunja amapereka ndalama ku zipani kuti adzawakondere. Lamulo likutinji? (Wowerenga, Mangochi)

Lamulo la zipani la 2018 silikuletsa chipani kulandira mphatso, koma likuti mphatso yofika K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku kampani kapena bungwe, iululidwe kwa mlembi wamkulu wa zipani. Lamulo lomwelo linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti. Ndalama za boma, malinga ndi gawo 40 la malamulo aakulu, zimapita ku chipani chimene chili ndi aphungu ndipo chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi m'dziko lonse.

Lamuloli n'labwino koma linagona kwa nthawi yaitali, popeza mlembi wokhazikika anasankhidwa mu 2024, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Lilinso ndi mipata. Wopereka wochenjera sapereka ku akaunti ya chipani: amagulira mtsogoleri magalimoto, amalipira nsalu ndi zipewa kufakitale, kapena amabwereka ndege ya kampeni. Mphatso yotere siioneka m'mabuku ngati palibe woifufuza.

Mphekesera za dziko lakutilakuti sitingazitsimikize pano, ndipo sitidzatchula dzina popanda umboni. Njira yoonera ilipo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo mtolankhani, bungwe kapena inuyo mukhoza kulemba kalata yopempha kuona zimene chipani chinaulula. Mukatero, yerekezani ndi zimene boma latsopano lasaina m'chaka chake choyamba: ziphaso za migodi monga ya Kayelekera, Kasiya ndi Kangankunde, makontrakiti ogulira mafuta ndi fetereza, ndi ntchito za misewu zoperekedwa popanda mpikisano. Mayina a makampani olandira makontrakiti amenewa amayenera kulengezedwa poyera, ndipo eni ake mungawafufuze ku ofesi yolembetsa makampani.